Tsiku Limene Celeste Anadzifufuta

Imelo ya mkonzi inafika Lachiwiri m'mawa, ndipo Celeste anaiwerenga katatu asanamuimbire foni Oswald. Sikuti Chingerezi chinamuvuta ayi. Ankangoyembekezera kuti mwina akaiwerenganso inena zina.

Aka kanali kachiwiri kuti magazini ya akatswiri a zaumulungu ija ibweze nkhani ya Oswald isanafike n'komwe kwa oiwunika. Ulendo woyamba akuti mafutinoti, timalemba tija ta pansi pa tsamba, anali osokonekera: pena dzina la buku lopendekeka, pena loongoka, chaka pena patsogolo pena pambuyo. Celeste anatha masabata awiri m'kashopu kake kotayipira ku Chipyela, pa chilumba cha Likoma, akukonza kamodzikamodzi mpaka maso kuwawa. Anatalikitsa mizere, anayeza m'mbali mwa masamba, anadula chidule kuti chisapitirire mawu mazana awiri. Anthu a magazini amenewa, inu, amasanthula mipumiro ngati mayi wosankha miyala mu mpunga.

Tsopano vuto linali mayina. "Owunika awiri amene adzawerenge nkhani yanu sayenera kudziwa mlembi," anatero mkonziyo. "Chotsani dzina lanu paliponse, chotsani mawu othokoza, ndipo anthu amene munacheza nawo muwatchule ndi chilembo chimodzi. Itipeze pofika Lachisanu, 4 koloko masana."

Nkhaniyo inali ya nyimbo zimene Akhristu a ku Cobue, kutsidya ku Mozambique, ankaimba pothawira pa Likoma nthawi ya nkhondo. Wopeka nyimbozo anali malemu katekisiti Joaquim, bambo ake a Celeste. Sanazilembe paliponse. Zinatsala m'mutu mwa mwana wawoyo, ndipo kwa zaka ziwiri iye anakhala akumuimbira Oswald, uyo akulemba. Chikondi chinalowera pamenepo, palibe anachiona chikubwera.

Oswald anafika thukuta lili kamukamu, choko chili pamalaya, atazemba kusukulu kumene ankaphunzitsa za Baibulo.

"Chavutanso n'chiyani?"

"Akuti ndikufufute. Nanenso ndidzifufute."

Mnyamatayo anawerama n'kuwerenga, kenako anaseka. "Aa, izi n'zazing'ono. Amatero onse. Akadziwa kuti wolemba ndi mphunzitsi wa pachilumba amuderera, akadziwa kuti ndi pulofesa amuopa. N'chifukwa chake amabisa."

"Nanga bambo anga akubisidwiranji? Anagona kale."

"Adzakhala Katekisiti J. Iwe udzakhala Mayi C. Ikadzalandiridwa tidzabwezeretsa zonse."

Celeste analoza futinoti yoyamba. Anali ataiwerenga kosawerengeka, ndipo nthawi zonse inkamufewetsa mtima: Kwa Celeste Joaquim, amene popanda mawu ake masamba awa akanakhala oyera.

"Ndi iyinso?"

"Kwa kanthawi chabe." Oswald anamugwira paphewa. "Usaiwale zimene ndinakulonjeza. Nkhaniyi ikangotumizidwa, amalume a Basil awoloka kupita ku Cobue kukaonana ndi amalume ako. Ndikhala ndi poimira pamaso pa amayi. Munthu woti nkhani yake ili kwa akatswiri, woti mawa apeza mwayi wa maphunziro kunja, sasankhiridwa mkazi ngati kamwana."

Lonjezo limenelo ndi limene Celeste ankadzuka nalo n'kugona nalo. Abale ake ku Cobue anali atatopa n'kufunsa kuti mwamuna wosaonekayo ndi wa mtundu wanji. Mkazi wanzeru zake, woti kompyuta anakaiphunzira ku Lichinga, ku Mozambique, koma Oswald akangotsitsa mawu ankasanduka mwana wa sitandade wani. Anagwedeza mutu n'kuvomera.

*

Lachitatu anayamba ntchito. Kompyuta nayo ili ndi nkhanza zake: inamuuza kuti dzina loti Celeste likupezeka malo makumi atatu ndi asanu ndi limodzi, n'kumufunsa ngati akufuna kuwasintha onse nthawi imodzi. Anakana. Anafufuta limodzilimodzi, ndipo malo aliwonse ankamukumbutsa tsiku lake. Apa mvula inawatsekera m'shopu. Apa analira pakati pa nyimbo, Oswald n'kusiya cholembera. Kenako anafika pa dzina la bambo ake, nalonso analisandutsa J.

"Odi kuno kwa akatswiri!"

Anali a Margaret, mayi ake a Oswald, atavala yunifolomu yawo ya amayi a mpingo yositidwa mpaka kuwala. Mayi amenewa sankatha mphindi zisanu osakumbutsa munthu kuti agogo awo ananyamula nawo miyala yomangira tchalitchi chachikulu cha pa Likoma. Kumbuyo kwawo kunali mtsikana wamagalasi, chikwama cha laputopu chili paphewa.

"Lowani amayi. Mwaswera bwanji?"

"Taswera, kaya iwe. Tatichitireko fotokope ndondomeko ya msonkhano wathuyi. Uyu ukumudziwa? Ndi Joyce, mwana wa a Kalande a ku Mbungo. Amaphunzitsa ku koleji ku Zomba, watsika sitima ya Ilala dzana. Iyeyu ndi Oswald ubatizo wawo unali tsiku limodzi."

Joyce anamwetulira, maso ali pa kompyuta. "Ooo, ndiye ndi inu asisi amene mukusanja nkhani ya Ozi? Mwaiona futinoti ya 14? Muli mpatuliro wosafunika pambuyo pa chaka."

Celeste anatsitsa tsamba. Mpatuliro unalipodi. Anauchotsa. Nkhani imeneyi Oswald ankati palibe anaionapo kupatula awiriwo.

"Ukutithandiza, mwana wanga," a Margaret anatero akulandira mapepala awo. "Anthu a kutsidya ndinu a manja abwino, ntchito mumaidziwa. Oswald akadzapita kunja sadzakuiwala, adzakutumizira ngakhale pulinta yatsopano. Koma kwanu udzabwerera liti? Mkazi amakwatiwa bwino kumene anthu akudziwa agogo ake."

"Ndinabadwira pa Yofu pompa, amayi."

"Ee, nthawi ya mavuto ija, tikukumbuka. Tinakulandirani. Komatu kobadwira ndi kwina, kwanu ndi kwina."

Anatero akumwetulira, n'kumusisita pamkono. Celeste akanakonda akanangomutukwana, bwenzi atadziwa choyankha.

*

Lamulo lomaliza pa mndandanda wa mkonzi linkati: onetsetsani kuti dzina la mlembi silinabisale m'kati mwa fayilo. Ambiri sadziwa kuti fayilo imakumbukira manja onse amene anaigwirapo. Celeste ankadziwa. Lachinayi m'mawa anatsegula pamalo pobisika paja, akuyembekezera kupeza dzina la Oswald kuti alichotse.

Anapeza la Joyce Kalande.

Mwezi wapitawo Oswald anali atabweretsa fayiloyi pa fulashi, akuti wakonza yekha Chingerezi. Zokonzazo zinali zitangobisidwa, osati kuchotsedwa. Celeste atadina kuti zionekere, masamba onse anafiira psuu, ndipo m'mbali munatuluka ndemanga zondondozana. Masiku ake anali a mu Julaye, sabata imene Oswald anati ali ku msonkhano wa aphunzitsi ku Nkhata Bay.

Ndemanga zambiri zinali za ntchito: ndime iyi ifupike, buku ili ndi lakale, mfundo iyi ilibe umboni. Chowawa chinali choti Joyce ankanena zoona. Mtsikanayo mutu unalimo, ndipo Celeste anayenera kuvomereza zimenezo misozi ili m'maso. Kenako anafika pa futinoti yoyamba, imene iye anali atafufuta dzulo lake ndi chala chake.

"Ozi, izi zichoke," analemba Joyce. "Wotayipa sathokozedwa m'magazini ya akatswiri. Amayi akonso akuti safuna kuona dzina limeneli m'buku."

Pansi pake panali yankho la Oswald, lalifupi ngati la munthu wopanda nkhawa: "Zidzachoka zokha. Malamulo a magazini salola."

Celeste anawerenganso yankholo. Ndiye kuti Oswald ankadziwa kuyambira Julaye kuti mawu aja sadzafika patali. Anawasiya dala kuti mkonzi ndiye adzaoneke woipa. Manyazi anamugwira kuposa mkwiyo, chifukwa anakumbukira kuti futinotiyo anaijambula pa foni n'kuitumiza kwa amalume ake ku Cobue ngati umboni woti mwamunayo alipodi.

Anatenga foni. "Tikumane pa mlambe wa njira ya ku Yofu 12 koloko."

"Ndili m'kalasi wokondedwa. Wamaliza?"

"Ndamaliza. Ndawerenganso za Joyce."

Foni inaonetsa kuti Oswald akulemba. Inasiya. Inayambanso. Pamapeto pake panangobwera mawu amodzi: "Ndikubwera."

*

Dzuwa linali paliwombo, ndipo mlambe wopanda masamba uja unalibe mthunzi woti n'kubisalamo. Oswald anafika atakonzeratu nkhope yachisoni.

"Ndimafuna kukuuza."

"Liti? Ikadzasindikizidwa?"

"Celeste, tamvera. Chingerezi changa ndi cha m'kalasi, sichikanadutsa. Joyce amadziwa zimene anthu amenewa amafuna. Ndinapita ku Zomba masiku atatu, ndinagona kwa mnzanga, ndikulumbira. Ndinakubisira chifukwa ndinadziwa kuti uganiza zina."

"Ndiganize zotani? Amakutchula Ozi."

"Kuyambira ku Sande sukulu amanditchula choncho."

"Nanga futinoti?"

Oswald anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi nsapato. "Ndinailemba ndi mtima wonse. Zinazo ndinayankha kuti angondisiya."

"Pali chinanso chimene ndisanachidziwe? Nena lero, mawa ndikachipeza ndekha."

Mnyamatayo ananena kuti magaziniyo imafuna tsamba lapadera la mayina a alembi, limene owunika saliona, ndipo patsambalo pakhala mayina awiri. Joyce anagwira ntchito yambiri. Komanso bambo ake ali m'komiti imene imasankha woti apite kukaphunzira kunja, ndiye kumukana kukanakhala kudzitsekera chitseko.

Celeste anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. "Ndiye wopeka nyimbo ndi J. Woimba ndi C. Wokonza Chingerezi ndiye mlembi."

"Si ine ndinapanga malamulo."

"Koma akukukomera."

"Usatero. Zonsezi ndikuchitira ife."

"Mapanga awiri avumbwitsa, Oswald."

"Phanga langa ndi limodzi, ndi iwe." Anamugwira manja onse awiri, mawu atatsika mpaka pansi. "Latsala tsiku limodzi lokha. Tikatumiza mawa, palibenso wondiletsa. Usandisiye pakhomo penipeni."

Celeste anamuyang'anitsitsa. "Amalume ako a Basil akundidziwa?"

"Akukudziwa."

"Unawauza za ine?"

"Ndati akukudziwa, Celeste."

Munthu wina akanamva kuti yankho limenelo ndi lopunduka. Nayenso anamva, koma anali atatopa, ndipo zaka ziwiri si zotaya panjira masana dzuwa likuswa mtengo. Anabwerera ku Chipyela yekha, akudzida chifukwa ankamukondabe.

*

Lachisanu anatsegula shopu m'mamawa. Anachotsa ndemanga zonse za Joyce, anasesa fayilo mpaka inakhala ngati sinagwiridwepo ndi munthu. Anawerenganso mndandanda wa mabuku kuyambira pa A, anaona manambala a masamba, anayeza chidule. Pa futinoti ya 23 anapeza kuti dzina la bambo ake latsala, lathunthu, Joaquim.

Anachotsa manja pa kompyuta. Akanangolisiya, mkonzi akanabweza nkhaniyo kachitatu, nthawi n'kutha, Joyce ndi komiti ya bambo ake n'kutsala m'manja muli mbee. Palibe akanamuloza chala, wotayipa aliyense amaphonya. Koma nkhani ikapanda kupita, a Basil nawonso sawoloka. Ndipo nyimbo za bambo ake zikanatsala m'mutu mwake mokha, kudikira tsiku lodzaikidwa naye limodzi. Analifufuta n'kuika J.

Oswald anafika 3 koloko ndi tsamba la mayina pa fulashi. Celeste sanalitsegule. Netiweki inazimirira kawiri, Oswald akuzungulira m'kashopumo ngati nkhuku yofuna kuikira, ndipo kachitatu zinalowa. Patangotsala mphindi makumi awiri kuti 4 koloko ikwane, Celeste anadina potumizira. Pa kompyuta panabwera mawu oti nkhani yalandiridwa ku ofesi ya mkonzi.

"Yapita! Celeste, yapita!" Oswald analumpha ngati mwana, n'kumukumbatira. Kwa kamphindi kameneko mtsikanayo anaiwala zonse, analira paphewa pake chifukwa cha kutopa ndi chiyembekezo.

"Odi, odi!"

Analekana msanga. Pakhomo panaima bambo wachikulire wovala chipewa ndi jekete ya kutchalitchi, envulopu ili m'manja. Celeste anawadziwa pomwepo. Anali a Basil, mlongo wake wa a Margaret, mmisiri wa matabwa amene anapuma ntchito. Lero lomwe? Ndiye kuti Oswald sananame! Anawapukutira mpando ndi nsalu yake, anagwada, anawapatsa moni wa manja awiri.

"Zikomo, mwana wanga, uli ndi ulemu," a Basil anatero akukhala. "Ndiwe mtsikana wotayipa uja eti? Mbiri yako ndaimva, akuti malemba umawasanja ngati njerwa. Aa, Oswald, uli pompano? Zakhala bwino, uone wekha."

Anatsegula envulopu n'kutulutsa pepala la m'kope lolembedwa pamanja, n'kulipereka kwa Celeste. Iye analiwerenga akadali chogwada. Banja la a Mtaya a ku Chipyela ndi banja la a Kalande a ku Mbungo akukuitanani ku chinkhoswe cha ana awo, Oswald ndi Joyce.

"Makadi zana limodzi," a Basil anapitiriza mosangalala. "Majina awiriwo uwaike pakati, akuluakulu, oti ngakhale nkhalamba ngati ine iwerenge popanda magalasi."

"Amalume," Oswald anatero mawu akuthawa, "izi tinagwirizana kuti tidikire kaye."

"Tidikirenso chiyani? Suja unawauza wekha amayi ako kuti nkhani yako ikangotumizidwa tiyambe? Akuti ndi lero. Ine ku Mbungo ndapitako kawiri, miyendo yanga si ya mnyamata."

Celeste anadzuka pang'onopang'ono n'kukhala pampando wake. Lonjezo lomwe lija, mawu omwe aja, tsiku lomwelo. Oswald analipereka kuwiri, ndipo iye ndi manja ake ndiye anali atangodina kuti likwaniritsidwe kwa mnzake. Sanalire. Ululu wake unali woti misozi siukwana.

Kompyuta inalira kuti kwabwera imelo ina. Anaitsegula mwachizolowezi chabe. Inali ya mkonzi: popeza nkhaniyo ili ndi nyimbo zimene sizinasindikizidwepo, mwini nyimbo kapena wolowa m'malo mwake asaine fomu ya chilolezo pasanathe masiku asanu ndi awiri, apo ayi nkhaniyo siipita kwa owunika.

Oswald anawerengera pamwamba pa phewa lake, ndipo nkhope inamugwa. Anatenga cholembera patebulo n'kuchiika m'dzanja la Celeste, dzanja linalo atamugwira pamkono.

"Celeste, chonde. Ndikufotokozera zonse, koma iyi usaikane. Celeste wanga, ndakugwira mwendo."

A Basil anasiya kumwetulira. Anayang'ana dzanja limene linali pamkonolo, anayang'ana nkhope ya mtsikanayo, kenako ya mwana wa mlongo wawo.

"Iwe Oswald, mwana wa eni ukumugwira chotere, ndi ndani wako?"

Celeste anatukula maso n'kumuyang'ana Oswald, ndipo ngakhale zinthu zinali zitafika pamenepo, kachigawo kopusa ka mtima wake kanadikirabe.

"Ndi wotitayipira, amalume."

Celeste anasolola mkono wake, n'kuponya cholemberacho m'dilowa n'kukiya.